Dzuwa lili ndi mawanga, ndipo pali anthu akhala akuwawerenga kwa zaka 400

Abale anga, mwa nkhani zonse za kuthambo yomwe imandikoka mtima kwambiri si ya ku Mars kapena ya maroketi ayi, ndi ya mawanga akuda omwe amatuluka pankhope ya dzuwa. Ambirife tinakula tikudziwa kuti dzuwa ndi limodzimodzi tsiku ndi tsiku, kutuluka, kuswa mtengo, kulowa, basi. Koma dzuwali lili ndi nyengo zakezake, zaka zina limadzadza mawanga mbali zonse, zaka zina limangokhala mbee miyezi ndi miyezi osaoneka ndi kadontho komwe, ndipo panali nthawi ina yomwe linakhala zii kwa zaka 70 zathunthu. Zonsezi tikuzidziwa chifukwa cha anthu ofatsa omwe ankadzuka m'mawa uliwonse nkumawerenga timadontho papepala, ndipo ine anthu amenewa ndimawapatsa ulemu kwambiri.

Tiyambe ndi mawangawo. Si mabowo, si utsi, ndi malo chabe omwe ndi ozizirirapo kuyerekeza ndi pozungulira pake. Pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, pomwe pakati pa wanga pamakhala cha m'ma 3,500 kapena 4,000, nde chifukwa cha kuwala koopsa kwa m'mbalimo malo amenewa amaoneka akuda. Ambiri ndi aakulu ngati dziko lathu lapansili, ena kuposa pamenepo kangapo, moti akuluakuluwo amatha kuoneka popanda makina dzuwa likamalowa kuseri kwa fumbi kapena utsi. A ku China anawalemba kalekale, pali cholembedwa cha mu 28 BC, ndipo mmonke wina wa ku England, John of Worcester, anajambula mawanga awiri mu 1128. Telesikopu itangobwera zinthu zinathamanga, Thomas Harriot anawaona mu December 1610, Johannes Fabricius anasindikiza kabuku mu 1611, kenako Galileo ndi wansembe Christoph Scheiner anakangana zedi, Scheiner poyamba ankati ndi timapulaneti tikudutsa kutsogolo kwa dzuwa, Galileo nkumati ayi zili padzuwa pomwepo ndipo zikusonyeza kuti dzuwa limazungulira. Galileo ndi amene ankanena zoona.

Koma taonani, kwa zaka zoposa 200 anthu ankawaona mawangawa osazindikira kuti amatsata ndondomeko. Anadzatulukira ndi munthu yemwe sankafuna nkomwe za mawanga. Heinrich Schwabe anali wogulitsa mankhwala m'tauni ya Dessau ku Germany, ndipo mu 1826 anayamba kuyang'ana dzuwa tsiku lililonse lopanda mitambo pofunafuna pulaneti yomwe ena ankaganiza kuti ilipo pakati pa Mercury ndi dzuwa. Maganizo ake anali oti tsiku lina idzadutsa kutsogolo kwa dzuwa ngati kadontho kakuda, nde kuti asadzasokoneze ndi mawanga ankajambula wanga lililonse m'kope. Chaka chatha, china chatha, pulaneti osaoneka (kulibe nkomwe pulaneti imeneyo), koma atadzawonkhetsa manambala a zaka 17 anaona kuti magulu a mawanga amachuluka kenako nkuchepa, kuchuluka nkuchepa, pafupifupi zaka 10 zilizonse. Analemba zimenezi kumapeto kwa 1843 ndipo anthu sanazitengere, mpaka Alexander von Humboldt ataika manambala akewo m'buku lake cha mu 1851 mpamene dziko linatembenuka. Zaka 17 munthu akuyang'ana chinthu chimodzi, palibe womulipira, palibe womuwombera m'manja. Ine zimenezi zimandikhudza kwabasi.

Kenako kunabwera Rudolf Wolf wa ku Switzerland, yemwe mu 1848 anapeka njira yowerengera yomwe tikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Ndi yosavuta, umawerenga magulu a mawanga nkuchulukitsa ndi 10, kenako nkuphatikiza wanga lililonse palokha. Ukaona magulu 3 okhala ndi mawanga 14 onse pamodzi nambala ya tsikulo ndi 44, ukaona kadontho kamodzi kokha ndi 11 poti kakuwerengedwa ngati gulu komanso ngati wanga. Pamakhalanso kanambala kena kowongolera, chifukwa maso a anthu ndi matelesikopu awo si ofanana. Wolf sanalekere pomwepo, anafukula makope akale m'malaibulale a ku Ulaya nkubwerera m'mbuyo, napeza kuti mkombero wake ndi zaka 11 tikatengera pakatikati, ngakhale wina umatha zaka 9 wina mpaka 14. Mkombero womwe unayamba mu 1755 ndi womwe unapatsidwa nambala 1, ndipo panopa tili mu wa 25. Ntchito yosunga manambalawa inachoka ku Zürich mu 1981 kupita ku Royal Observatory of Belgium ku Brussels, ndipo mpaka pano amalandira malipoti kuchokera kwa anthu a m'maiko osiyanasiyana, ambiri mwa iwo ongochita mwa chikondi chabe. Ku Locarno anthu amajambulabe dzuwa ndi pensulo papepala. Ku Japan kunali mayi Hisako Koyama omwe anajambula zithunzi za dzuwa zoposa 10,000 pa zaka zoposa 40, ndipo asayansi atafuna kukonzanso ndondomeko yonse ya manambalawa makope a mayiwa anali m'gulu la mizati yomwe anatsamirapo.

Nde chimayambitsa mkomberowu nchiyani? Yankho linayamba kuoneka mu 1908 pomwe George Ellery Hale, ali pa phiri la Mount Wilson ku California, anamwaza kuwala kochokera pa wanga ngati utawaleza nkuona kuti timizere tina takuda ta m'kuwalako tagawanika, chomwe chimachitika kuwala kukamachokera pamalo a maginito amphamvu. Wanga lililonse ndi malo omwe mphamvu ya maginito yatulukira kunja kuchokera m'mimba mwa dzuwa, ndipo ndi yamphamvu kuposa ya dziko lapansi kambirimbiri, tikunena za masauzande. Maginitowo amatsekereza mpweya wotentha womwe umabwadamuka kuchokera pansi, kutentha sikufika bwino pamwamba, malowo nkuzizirirapo.

Dzuwa si cholimba ngati mwala, ndi mpweya wamoto wodzadza magetsi, choncho silizungulira lonse pamodzi. Pa ikweta yake limatenga masiku 25 kuti lizungulire kamodzi, kumapeto kwake kumpoto ndi kummwera masiku pafupifupi 35. Kusiyana kumeneku kumakoka mizere ya maginito nkumaikulunga kuzungulira dzuwa chaka ndi chaka. Amene munapotapo chingwe cha khonje mukudziwa, ukapitiriza kupota chitalimba kale chimafika poti chimapindika chokha nkutukula kamfundo m'mwamba. Nzomwe zimachitika kumeneko, mtolo wa maginito umatumphukira pamwamba utapindika, ndipo pomwe watulukira ndi pomwe walowera mpamene pamaoneka mawanga awiri, nchifukwa chake amakonda kuyenda awiriawiri, lina kutsogolo lina kumbuyo.

Apa mpomwe pamakoma. Hale ndi anzake anapeza mu 1919 kuti kumpoto kwa dzuwa mawanga otsogola onse amakhala ndi mbali imodzi ya maginito, kummwera nkukhala mosemphana, ndipo mkombero watsopano ukayamba zonse zimatembenuka. Ngakhale maginito a nsonga ziwiri za dzuwa lenilenilo amasinthana, a kumpoto kusanduka a kummwera, nthawi yomwe mawanga afika pachimake. Ndiye kuti mkombero weniweni wa maginito ndi wa zaka 22, za 11 zija ndi theka chabe. Komanso mawanga satuluka paliponse. Mkombero ukamayamba amaonekera kutali ndi ikweta, cha pa madigiri 30 kapena 35 kumpoto ndi kummwera kwake, zaka zikamapita atsopano amatulukira kufupi kufupi ndi ikweta mpaka kuzilala. Edward Maunder ndi mkazi wake Annie, a ku Greenwich, anajambula zimenezi pa tchati mu 1904 ndipo chinatuluka ndi chithunzi cha mapiko awiri, mpaka lero amachitcha tchati cha gulugufe.

Dzina la Maunder likutifikitsa pa nkhani yomwe inandichititsa kulemba zonsezi. Kuyambira 1645 mpaka 1715 mawanga anangosowa. Gustav Spörer ndi amene anayamba kuzindikira izi m'makope akale, Maunder nkuzilemba m'ma 1890, koma anthu ankati mwina akale aja sankayang'ana bwino. Zinatenga John Eddy wa ku Boulder, Colorado, mu 1976 kuti aunjike umboni wokwanira. Akatswiri analipo ndipo ankayang'anadi, Hevelius ku Gdańsk, Picard ndi Cassini ku Paris, Flamsteed ku Greenwich, moti wanga litaoneka mu 1671 inali nkhani yolemba m'magazini a asayansi poti panali patapita zaka osaliona. Pakati pa 1672 ndi 1699 anaona mawanga osakwana 50, pomwe pa zaka zochuluka chomwecho masiku ano timayembekeza 40,000 kapena 50,000. Ndipo ochepa omwe ankatulukawo pafupifupi onse anali kummwera kwa dzuwa kokha. Tangoganizani, munthu kubadwa, kukalamba, kumwalira, dzuwa lili mbee moyo wake wonse.

Umboni wina Eddy anautenga m'mitengo. Maginito a dzuwa akakhala amphamvu amatchinga tizidutswa tothamanga kwambiri tochokera kutali mlengalenga, akafooka timalowa tambiri nkupanga timaatomu tapadera totchedwa carbon-14 ndi beryllium-10 mu mpweya wathu. Carbon-14 imalowa m'mitengo nkukhazikika mu mzere wa chaka chimenecho, mizere ija mumaiona pachitsa mtengo ukadulidwa, pomwe beryllium-10 imagwa ndi chipale nkusungika mu ayezi wa ku Greenland ndi Antarctica. Mwa njira imeneyi asayansi akutha kuwerenga mbiri ya dzuwa zaka zoposa 10,000 m'mbuyo, kulibe telesikopu kulibe Galileo. Ndipo zikuonetsa kuti kugona kwa dzuwa kuja sikunali koyamba, kunachitikanso cha m'ma 1460 mpaka 1550, komanso maulendo ena ambiri m'mbuyomo, kenako kufooka kocheperako pakati pa 1790 ndi 1830. Mumaonekanso mafunde ataliatali, la zaka 80 mpaka 90 lotchedwa Gleissberg, lina la zaka pafupifupi 200. Mu 2012 Fusa Miyake wa ku Japan anapeza m'mitengo yakale ya kwawo kuti carbon-14 inalumpha mwadzidzidzi cha mu 774 ndi 775, ndipo ambiri akugwirizana kuti kunali kuphulika kwa padzuwa kwakukulu kuposa kulikonse komwe makina athu anayezapo.

Mwina wina akuti, nanga ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza, chifukwa pomwe pali mawanga ambiri mpomwe maginito opotana aja amaduka nkuponya mtambo wamoto mlengalenga, ukalunjika kuno umagwedeza maginito a dziko lapansi. Pa 1 September 1859 Richard Carrington akujambula mawanga kunyumba kwake ku Redhill anaona kuwala koyera kukung'anima pa gulu lalikulu kwa mphindi zisanu, pasanathe tsiku mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America anali akuthetheka. Pa 13 March 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinazima magetsi maola 9, anthu 6 miliyoni mumdima. Kumapeto kwa October 2003 mkuntho wina wa maginito woterewu unawononga matransifoma akuluakulu ku South Africa konkuno, pomwe anthu ankaganiza kuti vutoli ndi la maiko a kufupi ndi nsonga za dziko okha. Mu February 2022 masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink omwe anali atangoponyedwa kumene anagwa, chifukwa mkuntho waung'ono chabe unafufumitsa mpweya wa kumtunda nkuwakoka. Ndipo usiku wa pa 10 kulowa 11 May 2024 anthu a kugombe la kummwera kwa South Africa anaona thambo litafiira, chinthu chosowa zedi kumeneko. Ku Hermanus, m'dziko lomwelo, kuli malo oyezera maginito a dziko kuyambira 1941, ndipo panopa bungwe la za mlengalenga la South Africa, SANSA, lili ndi likulu kumeneko lolondera nyengo ya mlengalenga usana ndi usiku. Achikulire omwe ankasaka masiteshoni akutali pa wailesi ya shortwave ankakumana ndi mkomberowu osadziwa, zaka za mawanga ambiri mabandi a kumtunda ankamveka bwino kutalitali, zaka zouma nkumangosokosera.

Koma pali mbali ina yomwe ndikufuna tisamale nayo, ya mvula ndi kutentha. Chiyambireni anthu akhala akufuna kulumikiza mawangawa ndi zokolola. William Herschel mu 1801 anawayerekeza ndi kukwera ndi kutsika mtengo kwa tirigu ku England. Kwathu kunonso zinafika, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda ku Nyasaland, analemba mu magazini ya Nature mu 1924 za kukwera ndi kutsika kwa nyanja yathu poyerekeza ndi mvula komanso mawanga a padzuwa, patangopita chaka C. E. P. Brooks atanena zofanana za nyanja ya Victoria. Ndipo sindingawanene, nthawi imeneyo nyanja inali itatsika mpaka madzi kusiya kutsikira mu Shire, kuyambira cha mu 1915 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1930, nde aliyense ankafuna chomuthandiza kulosera. Ku Victoria manambala anagwirizana bwino kwa mikombero iwiri, kenako mgwirizanowo unasokonekera, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 nyanjayo inakwera mamita oposa awiri chifukwa cha chimvula pomwe mawanga anali akutsika. Mikombero iwiri kapena itatu siyokwanira kumangirapo chikhulupiriro. Lero magetsi athu ambiri akuchokera pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire yemweyo, choncho funso la Dixey likadali lamoyo, koma pofuna kudziwa za dzinja likubwera El Niño ndi kutentha kwa madzi a Indian Ocean zimatiuza zambiri kuposa mawanga.

Chimodzimodzi mauthenga omwe amazungulira pa WhatsApp ndi Facebook, ena amati kutentha kwa masiku ano ndi dzuwa lakwiya, ena amati dzuwa likukagona ndipo kukubwera chisanu choopsa. Zimandipweteka chifukwa zimatenga sayansi yabwino nkuipinda. Kuyambira 1978 masetilaiti akuyeza mphamvu ya dzuwa mosalekeza, ndipo kusiyana kwa pachimake ndi pansi pa mkombero ndi 0.1 peresenti yokha. Chodabwitsa nchoti dzuwa limawala kwambiriko pang'ono nthawi ya mawanga ambiri, poti m'mbali mwawo mumakhala timalo towala kwambiri. Mkombero waukulu kuposa yonse yolembedwa unali wa 19 womwe unafika pachimake cha mu 1957 ndi 1958, ndipo kuchokera m'ma 1980 mikombero yakhala yofookerapo pomwe kutentha kwa dziko kukukwera, njira ziwirizi zinasiyana kalekale. Nzoona kuti zaka 70 zija zinagwera mkati mwa nyengo yozizira ku Ulaya, mtsinje wa Thames unkaundana, koma kuzizirako kunayamba kale mawanga asanasowe ndipo mapiri ophulika anathandizira kwambiri. Ofufuza atawerengera kuti bwanji dzuwa litagonanso chomwecho m'zaka zino, anapeza kuti lingachotse madigiri osaposa 0.3, pomwe utsi wathu wawonjezera kale digiri yoposa imodzi.

Ndipo kulosera mkombero wotsatira nkovuta ngakhale kwa akatswiri enieni. Wa 24 usanayambe gulu lina lodziwika linati udzakhala wamphamvu kuposa wa 23, pomwe Leif Svalgaard ndi anzake mu 2005 anati udzakhala wofooka kuposa yonse pa zaka 100. Dzuwa linachedwa kudzuka, mu 2008 masiku oposa 260 linalibe wanga ndi limodzi lomwe, 2009 chimodzimodzi, ndipo pachimake mu April 2014 nambala inangofika 116, a Svalgaard anali atalasa. Anthu ambiri atawona izi anayamba kunena kuti basi tikulowa m'tulo ta Maunder. Wa 25 unayamba mu December 2019, komiti ya mabungwe a ku America a NOAA ndi NASA inalosera 115 cha mu July 2025, koma dzuwa linafulumira nkupitirira, kufika cha pa 160 mu October 2024. Si wamphamvu ngati a m'ma 1950 kapena 1980, koma si tulo ayi.

Kwa ine apa mpomwe pali phata la nkhani. Mikombero 25 ikumveka yambiri koma ndi yochepa zedi, funde la Gleissberg talionapo katatu kapena kanayi kokha ndi maso, ndipo maginito a nsonga za dzuwa tayamba kuwayeza mosadukiza mu 1976 pa Wilcox Solar Observatory ku Stanford. Masetilaiti amakalamba, makina amasinthidwa, koma njira ya Wolf ndi yomwe imalumikiza dzuwa la lero ndi la agogo a agogo athu, nchifukwa chake kuwerenga ndi maso sikuyenera kusiyidwa. Ngakhale mu 2015 akatswiri anakhala pansi nkukonzanso manambala onse kuchokera pachiyambi, poti anapeza kuti owerenga ena ankawerenga mowolowa manja kuposa anzawo, ndipo atakonza zinaoneka kuti dzuwa la m'ma 1900 silinali lapadera kwambiri kuyerekeza ndi la m'ma 1700 monga ankaganizira.

Ndipo kuno kwathu kuyambira May mpaka October thambo limakhala loyera masiku ambiri, mwana wa sekondale atha kuchita zomwe Schwabe ankachita. Chonde musayang'ane dzuwa ndi maso, kaya ndi magalasi akuda, kaya ndi filimu ya ekiselo, ndipo kudzera mu bainokula nde musayerekeze nkomwe, diso limapsa nthawi yomweyo osamva kuwawa. Njira yake ndi yoponya chithunzi papepala. Mangani bainokula pampando kuti isagwedezeke, tsekani diso lake limodzi, boolani katoni nkuiveka kutsogolo kuti ipange mthunzi, lozetsani kudzuwa poyang'ana mthunzi wake pansi osati kumwamba, kenako gwirani pepala loyera kumbuyo kwake masentimita 30 kapena 40. Pamatuluka bwalo lowala, mukapotokola pang'ono kuti liwoneke bwino timadontho takuda timaonekera, gwedezani pepalalo pang'ono, kadontho kakayenda ndi pepala ndi litsiro, kakatsala ndi wanga. Muzipumitsa bainokulayo pafupipafupi isatenthe, ndipo ana asayandikize nkhope. Lembani tsiku ndi nthawi, mawa mudzapeza gululo lasunthirako, pakatha masabata awiri ladutsa nkhope yonse nkubisala kuseri.

Panopa mkombero wa 25 wadutsa pachimake ndipo mawanga azitsika pang'onopang'ono akuyandikira ikweta, ngakhale mikuntho ikuluikulu imakonda kubwera nthawi yotsika yomweyi, ngati ija ya 2003. Pansi penipeni pakuyembekezeka cha m'ma 2030, ndipo nthawi imeneyo akatswiri adzakhala maso pa mphamvu ya maginito a nsonga ziwiri za dzuwa, chifukwa ndi mbewu yomwe mkombero wa 26 udzamerepo, ikadzakhala yofooka wa 26 udzakhala waung'ono, ikadzalimba nawonso udzakula.